Galimoto Yoyera Yaima pa a Msiska

Lolemba

Tchuthi chayamba bwino, koma chaonongeka tiyi asanazizire.

Ndili pakhonde, ndavala vesiti. Galimoto yoyera, ija yaitali ya anthu a kafukufuku wa zaumoyo, yakhota pamsewu waukulu wa Uliwa n'kulowa pa mzere wa nyumba za aphunzitsi. Ndathamangira m'nyumba kukavala shati. Galimoto yotere ikafika pasukulu pano ndiye kuti ikufuna ahedi, ndipo ahedi ali kwawo ku Rumphi. Wotsala ndine, wachiwiri wawo. Ndatuluka ndikumanga mabatani, nkhope ndaikonza kale ya munthu wotanganidwa.

Galimoto yadutsa pakhomo panga. Yakaima pa a Msiska.

A Msiska a Sitandade 3. Munthu woti belu likalira ndimachita kumukumbutsa ine kuti lalira.

Atsika anthu atatu: dalaivala, bambo wina wa konkuno womasulira, ndi mtsikana wa chovala choyera atanyamula chikwama. A Nyagondwe, akazi a Msiska, atulutsa mipando ya makushoni n'kuyala pansi pa mango. Ine ndakhala nawo moyandikana zaka zonsezi, mipando imeneyo ndimangoionera pawindo.

Ndathirira tomato wa kumpanda mpaka madzi ayamba kuyenderera. Sindikumva kanthu. Akazi anga, mayi a Chisomo, ati tomatoyo ndinamuthirira kale m'mawa. Ndawauza kuti za ulimi azisiyire ine.

Madzulo a Msiska abwera ku bawo monga mwa masiku onse, koma lero avala malaya a manja aafupi dala. Pamkono awamanga chilamba chakuda, kapaipi kakutsika mpaka m'chiuno pamene pali kabokosi. Ati ndi kafukufuku wa kuthamanga kwa magazi, bipi. Mtsikana uja ndi Thokozani, wa ku Mulanje, akuphunzira udokotala ndipo amutumiza kuno kudzaphunzirira pantchito. Nyumba zolowa mu kafukufuku akuti yasankha ndi kompyuta.

“Kompyuta yandisankha, aneba,” atero a Msiska. “Ine sindinapemphe yayi.”

Tili pakati pa masewera, ine ndatsala pang'ono kuwadya, kabokosi kaja kalira, chilamba chayamba kudzifufuma chokha. A Msiska akweza chala. “Chete pachoko, aneba. Chikuyeza.” Ndakhala chete pakhonde langa lomwe, nkhomo zili m'manja. Chitaphwa, ndaiwala pamene ndinalekezera. Andidya.

Ndatsimikiza mtima: pofika Lachisanu galimoto ija iime pakhomo panga. Zondiyenereza sizikusowa:

ndine wamkulu, pa zaka ndi pa udindo;
mkono wanga ndi wonenepa, makina sangavutike kupeza magazi;
mafunso ndimayankha m'ziganizo zathunthu;
khonde langa ndi la simenti.

Lachiwiri

Ndasesa ndekha pabwalo. Miyala ya m'mbali mwa njira ndaipaka laimu wotsala wa kusukulu, kuti dalaivala aone poimika. Ndavala jekete. Kutentha kwa Karonga ndi jekete sizigwirizana, koma munthu akaoneka ngati wa boma, a boma anzake amamuona.

Galimoto sinabwere m'mawa. Mayi a Chisomo andituma usipa kumsika wa Uliwa, ndipo a Msiska ati tipitire limodzi. Ndalakwa kuvomera.

Chilamba chafufuma tili pa mzere wa amayi a nsomba. A Msiska aima tsonga pakati pa njira, mkono atautambasula, maso kumwamba. Msika wonse wazungulira. Wa kabaza wazimitsa njinga yamoto kuti asasokoneze. Mayi wina wafunsa m'Chitumbuka ngati chinthucho chimalankhula ndi azungu. A Msiska ayankha kuti zina sangaulule. Awaikira basela wa usipa wodzaza dzanja. Ine ndagula mulu womwewo, mtengo womwewo, kwa mayi yemweyo, ndipo wachotsapo kansomba kamodzi kamene kanagwera kumbali.

Masana galimoto yafika. Ndaima pa miyala yanga yoyera, nyuzipepala m'khwapa, n'kukweza dzanja. Dalaivala wakwezanso dzanja, wadutsa. Fumbi lonse pa laimu.

Ndapita kukabwereka mpope wa njinga kwa a Msiska. Njinga yanga ilibe tcheni chiyambire Pasaka. Ndapereka moni kwa alendo m'Chitumbuka kuti aone kuti ndingathandize kumasulira. Bambo womasulira uja wandiyankha m'Chichewa, mwaulemu kwambiri, ngati akuthandiza munthu wolemedwa ndi katundu.

Nkhani yabwino: chilamba achichotsa. Ati chinali cha tsiku limodzi. Mtima wanga wakhala pansi.

Nkhani yoipa: m'malo mwake awaveka wotchi yowerenga mapazi. Chichokereni galimoto, a Msiska akuyenda kuchokera kunyumba kwawo kukafika pa mjigo n'kubwerera, ndipo njira yake imadutsa pakhonde langa. Akafika pa ine amayang'ana pa wotchi n'kugwedeza mutu.

Mpope uja uli pansi pa bedi.

Lachitatu

Mayi a Chisomo amva kwa a Nyagondwe kuti mwana wa udokotala uja akukhalira mandasi ndi sobo. Iye ndi anzake amagona m'chipinda china kuseri kwa chipatala, ndipo chophikira chawo cha magetsi chinapsa. Mayi a Chisomo zawakhudza. Ati mwana wathu Chisomo nayenso ali ku koleji kutali, ndani akudziwa chimene wadya lero.

Inenso zandikhudza, koma mwa njira ina. Munthu amene wadya kwanu sangakane kukuyezani.

Tambala wanga wofiira wapita. Ndimamusungira Khirisimasi. Mayi a Chisomo aphika mpunga wa Kilombero, fungo lake mpaka ku bwalo la mpira. Dongosolo langa: iwo atsogole ndi mbale kupita pansi pa mango pamene alendo akhala, ine ndifike pambuyo n'kunena mawu ochepa okhudza umoyo wa ophunzira m'dziko muno, kenako ndiwaitanire kwathu kudzamwa madzi. Mawuwo ndawayeserera pagalasi. Ali ndi mfundo zitatu ndi mawu omaliza.

Tayi wandichedwetsa. Mbali yopyapyala imangotalika kuposa inzake.

Pofika ine, mayi a Chisomo asiya mbale n'kubwerera kukatenga masupuni, tasemphana kuseri. Ndapeza Thokozani atagwada pamaso pa a Nyagondwe, manja ali pachifuwa. “Amayi, Mulungu akudalitseni. Chibwerereni kuno sindinadye chakudya cha pakhomo.” A Nyagondwe ayang'ana mbale, ayang'ana ine, kenako ati, “Yewo, mwana wane.” Basi. Mbale zake zamaluwa obiriwira, za pa ukwati wanga.

Ndakhosomola kuti ndiyambe mfundo yoyamba. Dalaivala wandisunthira malo pa muzu wa mango, ati khalani apa bwana, chakudya chilipo chambiri, banja ili ndi lopatsa.

Nthutumba adya a Msiska. Nthutumba ya tambala wanga. Atameza ati, “Mchere wachulukirapo pachoko. Ife a mu kafukufuku tikuchepetsako.”

Ine ndapatsidwa khosi.

Lachinayi

Zozungulira zakwana. Lero ndamudikirira Thokozani pa mjigo pamene amasamba m'manja n'kumufunsa maso ndi maso. Ndayamba ndi udindo wanga, zaka zimene ndatumikira boma kuchokera ku Dedza kwathu mpaka kuno, ndi kuti sindinajombepo popanda chifukwa.

Mwana waulemu. Wamvetsera zonse, madzi akudontha m'zala. Ati, “Bambo, ndikanakonda, koma sitiloledwa kuonjezera munthu. Tikamasankha tokha, zotsatira zimakhota. Nchifukwa chake imasankha kompyuta.” Ndafunsa ngati kompyutayo ili ndi woiyang'anira amene ndingalankhule naye. Waseka. Akuganiza kuti ndimacheza.

Koma ndatolapo kanthu. Pochoka wanena kuti amene amawapeza ndi bipi yokwera amawasamala mwapadera. Mwapadera. Ndiye kuti khomo lilipo, kungoti ndi la odwala.

Zimene ndadya lero:

phala la mchere m'malo mwa shuga;
usipa wouma, wongootcha, ndanyunyizapo mchere;
mtedza wokazinga wa mchere;
mchere, pang'ono, wokhawokha, pachikhatho.

Lilime lili ngati chikopa cha ng'oma. Madzi a mumtsuko ndamaliza ndekha. Mutu ukugunda kumbuyo kuno, koma umenewu ndi wakale, ndi wa phokoso la ana a sukulu. Chodabwitsa n'chakuti ana ali pa tchuthi.

Mayi a Chisomo andipeza ndikunyambita chikhatho kuseri kwa khitchini. Andiyang'ana nthawi yaitali, atenga botolo la mchere n'kulimangirira ku nsonga ya chitenje. Akuyenda nalo m'chiuno ngati makiyi. “Bambo a Chisomo, munthu wa imvi kuchitira nsanje wotchi.”

Si wotchi. Ndi chilungamo.

A Msiska adutsanso pakhonde. Tsopano agula nsapato za mphira pa kaunjika. Zoyera.

Lachisanu

Tsiku lomaliza la galimoto sabata ino.

Nditaiona ikukhota pamsewu, ndazemba kuseri n'kuthamanga kuzungulira chimbudzi cha anyamata. Ndinafuna kuzungulira bwalo la mpira koma ndi poonekera. Ndalumphanso chingwe cha mbuzi ya ahedi kangapo. Mbuzi yaleka kudya n'kumandiyang'ana.

Ndafika pansi pa mango ndikupuma ngati mpope, dzanja pachipumi. “Chizungulire,” ndatero, ndi mawu a munthu amene sakufuna kuvutitsa anthu. A Nyagondwe akankhira mpando wa makushoni kumbuyo kwanga. Ndakhalapo. Ndi wofewadi.

Thokozani watulutsa makina. Chilamba pamkono panga, panga ine. Chafufuma. Ndayang'ana a Msiska, ndakweza chala kuti akhale chete. Mphindi imeneyo sindidzaiiwala.

Makina alira. Thokozani wayang'ana manambala, nkhope yasintha. Ine mumtima ndikuvina.

“Bambo, mwathamanga?”

Ndati ndinangofulumira pang'ono. Ati thukuta lafika m'masokosi, ndikhale phee, ndisalankhule, ndisapinde miyendo, ayezanso ndikapuma. Ndakhala nthawi yaitali. Mpweya wabwerera, thukuta lauma, ndayamba kudandaula kuti ntchito yanga yonse ikupita pachabe. Wayezanso. Wasintha mkono. Wayezanso.

Sakuseka. A Msiska nawonso aleka kuyang'ana wotchi.

Wandifunsa za mutu. Ndati umapweteka kumbuyo kuno ndikamadzuka, koma ndi kalekale. Wafunsa ngati maso amachita mdima nthawi zina. Ndati pa bolodi, masana, koma choko cha masiku ano n'chosaoneka. Wafunsa za makolo. Ndanena za bambo anga, kuti anagwa m'munda wa mbatata kwathu ku Dedza, mbali imodzi ya thupi n'kufa, pakamwa kukhota, ndipo sanalankhulenso mpaka tinawaika. Anali ocheperapo zaka kuposa mmene ndililimu. Zimenezi sindinaziwerengerepo mpaka lero pamene ndazinena ndi pakamwa panga.

Ndaulula za mchere. Ndaulula za chimbudzi ndi chingwe cha mbuzi. Ndinaganiza kuti zimuchotsa nkhawa.

“Za kuthamanga zatha kale, nchifukwa ndinakupumitsani,” watero. “Mchere wa dzulo waonjezera, koma izi sizinayambe dzulo. Mupite kuchipatala, mukachedwetsa mawa m'mawa. Mutu ukakula kapena dzanja likachita dzanzi, musadikire kuti kuche.”

Mayi a Chisomo aima kumpanda, botolo la mchere lili m'chiuno. Amva zonse. Sananene kuti ndinakuuzani. Zikanakhala bwino akananena.

Ndafunsa, mwa mawu otsika, ngati tsopano ndalowa.

“Mwalowa kuti, bambo?”

“Mu kafukufuku.”

Watseka maso pang'ono. Ati ayi. Kusamala mwapadera kuja ndi kwa amene anasankhidwa kale. Ine wandiyeza ngati munthu wodwala amene wamupeza panjira.

Ngati munthu wa panjira.

Ndafunsa ngati galimoto ingadzanditenge mawa. Dalaivala wayamba kupukuta galasi.

Loweruka

Minibasi ya ku Chilumba. Ndakhala pa injini, miyendo pa thumba la chinangwa cha munthu wina. Mayi a Chisomo ali kumbuyo, buku langa la kuchipatala lili m'chikwama mwawo. Bukulo talipeza pansi pa mulu wa mayeso akale, masamba ake oyera ngati logula lero.

Pamzere palibe wachiwiri kwa ahedi. Ndakhala pa benchi pakati pa msodzi wotupa phazi ndi msilikali wopuma ntchito amene wandifotokozera matenda ake onse kuyambira ku bondo kukwera. Nditamuuza kuti yanga ndi bipi, wati, “Aa, yomweyo basi?”

Adokotala ake ndi bambo wa ku Kasungu, wosachedwa ndi nkhani. Ayeza, ayang'ana kapepala kamene Thokozani anandilembera dzulo, ayezanso. Ati mwana uja wakuthandizani. Mapiritsi tsiku lililonse, osadumphitsa, osaleka mutu ukasiya kupweteka. Ndafunsa kuti mpaka liti. Ati mpaka kalekale. Mchere wa pambale ayi. Nyama ya mafuta ayi. Kuyenda tsiku lililonse. Ndibwerenso akandione.

Ndafunsa, poti ndinali pomwepo, ngati munthu amene chipatala chamutsimikizira angathe kulembera kalata a kafukufuku. Ati sizawo, koma mmene akudziwira, amene ayamba kale mankhwala salowa n'komwe. Ndiye kuti piritsi loyamba ndilo lotseka chitseko. Ndaliyang'ana m'kapepala kake. Kanthu kakang'ono, koyera.

Potuluka takumana ndi Thokozani pakhonde la wodi ya amayi. Ali pantchito kuyambira dzulo, maso ofiira. Wathamangira mayi a Chisomo n'kuwakumbatira. A Nyagondwe anamuuza zoona za tambala, ndipo wachita manyazi, akupepesa mobwerezabwereza. Kwa mayi a Chisomo. Anzake awiri wawauza kuti, “Awa ndi amayi aja anaphika nkhuku.” Za ine wati, “Awa ndi amuna awo.”

Watitengera kukaona kumene amagona. Sindinayembekezere. Matiresi pansi, maneti omangirira ku misomali, mabuku aakulu ngati njerwa atawasanjika pa katoni kuopa chiswe. Pakona chophikira chopsa chija, pamwamba pake aikapo nsapato. Ndowa imodzi. Ana amenewa ndi amene adzatsegule mimba za anthu. Mawu anga a Lachitatu aja, a mfundo zitatu, ndawakumbukira, koma pakhomo pa chipinda chimenecho sanatuluke.

Mayi a Chisomo alonjeza mbaula yathu yakale ndi theka la thumba la makala. Aitananso onse atatu kudzadya kwathu mawa. Sanandifunse. Ndikanavomera, koma akanandifunsa.

Piritsi ndameza pa depoti ndi madzi a m'pepala.

Lamulungu

Kutchalitchi abusa apempherera odwala. Anditchula dzina, pakati pa agogo ena a chifuwa ndi mwana wothyoka mkono. A Msiska atembenuka n'kundigwedezera mutu mwachifundo. Potuluka anthu andigwira chanza mofewa ngati ndisweka.

Ana a udokotala afika masana, atatu pa njinga zamoto ziwiri. Palibe chovala choyera, palibe chikwama. Adya mbalagha ya nthochi ndi nyama ya ng'ombe mpaka kupukuta m'mbale ndi zala. Yanga anaiphika padera m'kapoto: nthochi, tomato, madzi. Ikukoma ngati munthu akukuuza za chakudya chimene anadya wina.

Nditapeza mpata ndamufunsa Thokozani pambali. Funso limodzi lokha. Pakati pa ine ndi a Msiska, bipi yokwera kwambiri ndi ya ndani.

“Za a Msiska sindingakuuzeni, bambo. Ndi chinsinsi cha wodwala.”

Sipanafunike chinsinsi. Madzulo a Msiska abwera okha ndi bawo m'khwapa, akhala pakhonde, ati zotsatira zawo anawauza Lachisanu lomwelo koma anaona kuti si nthawi yake yonena. “Yane ili makora, aneba. Akuti mtima wanga uli ngati wa mnyamata.” Aziwayenderabe mpaka chaka chamawa, poti kafukufuku amafunanso anthu abwinobwino. Kenako atulutsa mtedza wa mchere m'thumba, aona nkhope yanga, aubweza.

Ati Lachisanu anachita mantha. Ati pa mzere uno wa bawo ndine ndekha, ena onse ndi a mpira wa pa wailesi, ndiye ndisachite zopusa. Ati kuyambira mawa azindigogodera m'mawa tiziyenda limodzi mpaka pamsewu waukulu. Ndinafuna kukana. Ndati ndiona. Ati abwera basi.

Andidyanso bawo. Lero palibe chimene chinafufuma, andidya chabe.

Laimu wa pa miyala wayamba kusuluka. Mpope ndabweza. Chisomo waimba foni, mayi ake anamuuza zonse, mpaka za mbuzi. Waseka mpaka kutsamwa, kenako wati, “Adadi, muzimwa mankhwalawo.”

Mapiritsi sindisunga ine. Ali m'chitini cha mayi a Chisomo, pamwamba pa kabati. Abwera ndi piritsi limodzi pa sosala, ndi kapu ya madzi, akoka mpando n'kukhala moyang'anana nane. Ndameza. Sanasunthe. Ati nditsegule kukamwa aone, ndikweze ndi lilime lomwe.

Ndatsegula.